Dimba la amalume

"Amalume, siyani khasulo, mungadzipweteke," anatero Luke, mwana wa mlongo wawo wa a Golden, uku akuwalanda khasu m'dimba mwawo ku Lirangwe.

A Golden anangomuyang'ana. Munthu ameneyu sanawazondeko ngakhale tsiku limodzi pomwe anawachita opaleshoni ya khansa ya pamalo pamene mmero umakumana ndi chifu. Koma atangomva zomwe adokotala ananena, kuti mwa odwala khumi otere, asanu ndi awiri khansayo imawabwerera zaka ziwiri zisanathe, chikondi chinamugwira ngati malungo. Paja kwawoko dimba la malume limagwera mwana wa mlongo.

Luke anathira manyowa, anakumba chitsime, anadzala tomato dimba lonse. Tsiku lililonse ankabwera ndi mbatata yootcha, youma bwino, n'kumayang'anitsitsa pakhosi pa amalume ake ngati ikudutsa.

Tomato atapsa, a Golden anapita kuchipatala m'tauni kukaunikidwa. Luke anawadikira pa siteji kufikira minibasi itafika, nkhope ataikonzeratu ya pamaliro.

"Akuti bwanji, amalume?"

"Akuti mulibe kanthu. Mawa ndiyamba kuthyola tomato wanga."

Luke anameza malovu, ndipo anamutsamwa. A Golden anamusisita pamsana mwachifundo.

"Usataye mtima, Luke. Akuti ndipitenso mu Disembala, ndiye mwayi wako ukadalipo ndithu. Podikirapo, udzaleko kabichi."