Chiswe Wasayina Pepala

"Dzina, nambala ya foni, kenako musayine apa," anatero tcheyamani wa gulu loteteza ufulu wa pa intaneti, akukankhira pepala kwa mtsikana wina wophunzira pakoleji.

Mtsikanayo anazengereza. Zaka ziwiri zapitazo akuluakulu a pakoleji anamuopseza kuti amuchotsa sukulu chifukwa cha bulogu yake, iye n'kusiya kulemba. Mwezi uno anali atayambiranso, koma mobisa, pa dzina loti Chiswe. Nkhani yake yodzudzula kolejiyo posuzumira mauthenga a ophunzira ndiyo inasonkhanitsa anthu pamsonkhano wa tsikulo, ndipo tcheyamani yekha ndiye ankadziwa mwiniwake.

"Koma achimwene, si msonkhano woteteza zinsinsi uno?"

"Aaa, ndi mwambo chabe, achemwali. Popanda pepalali otithandiza sakhulupirira kuti tinakumana."

Anasayina. Kwa maola atatu anaphunzitsidwa kutseka foni ndi kubisa nkhope pa zithunzi. Anatuluka mtima uli m'malo.

Kutacha, akutsuka mano, foni inalira. Anali mlembi wa mkulu wa koleji.

"Abwana akukufunani mu ofesi nthawi ya 8 koloko, a Chiswe."

Mswachi unagwa. "Nambala yanga mwaitenga kuti?"

"Patsamba la gulu lanu lomwelo. Tcheyamani wanu wajambula pepala lonse, dzina lanu walizunguliza ndi cholembera chofiira, n'kulembapo kuti 'Chiswe weniweni anali nafe!' Nkhope zokha ndiye mwabisa bwino, tikuyamikireni."

Mtsikanayo anatsegula tsambalo. Pamwamba pa chithunzicho panali mawu akuluakulu: CHINSINSI CHANU NDI UFULU WANU.