Galimoto ya Maliro Imene Inagogoda

Panali munthu wina, akuti, amene ankayendetsa galimoto yonyamula maliro. Anthu ankamutcha Chifatse, chifukwa ngakhale pabampu ankadutsa mwaulemu moti madzi a m'kapu sakanatayika. Mabanja ankachita kumulimbirana.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkamudya mtima: mabushi amphira a kunsi kwa galimoto. Msewu wa kumanda unali wa maenje okhaokha, ndipo mabushiwo sankachedwa kung'ambika. Tsiku lina akugula ena uku akudandaula, munthu wachilendo, amene ankati amakonza magalimoto a mpikisano, anamukokera pambali.

"Bwana, mphira ndi ya ana. Ikani marozi jointi awa. Onani, kachitsulo kobulungira kakuzungulira m'mphete yachitsulonso. Bushi simudzagulanso."

Chifatse anagula pompo, n'kupita nazo kugalaja ya mlamu wake, amene anali makaniko. Mlamuyo anazitembenuza m'manja n'kupukusa mutu.

"Alamu, izi n'za magalimoto othamanga pabwalo losalala, ndipo kumeneko amazisintha kawirikawiri. Mphira ndi imene imameza mabampu. Izi fumbi ndi madzi zikangolowamo zidyeka, kenako ziyamba kulira."

"Inu mangani basi," anatero Chifatse. "Galimoto yanga musandiphunzitse."

Kunena zoona, masiku oyamba zinali zodabwitsa. Galimoto yaitali ija inkakhota pakona ngati yamatidwa pamsewu. Akangokhudza chiwongolero, iyo yamva kale. Chifatse ankatsika n'kuizungulira atagwira pakamwa. Zoti kamwala kalikonse kankamufika mumsana, ameneyo sankauza munthu.

Mvula itagwa, matope analowa m'zitsulo zija. Kumbuyo kunayamba kumveka go! go! go! pa dzenje lililonse. Chifatse anamva bwinobwino, koma m'malo mobwerera kwa mlamu wake ankangokweza wailesi.

Ndiye kunagwa maliro a telala wina, bambo amene anamwalira mwadzidzidzi ali pamakina ake osokera. Mkazi wake sankavomereza n'komwe kuti zachitikadi. Anakana kukwera galimoto ina, anakhala kumbuyo pafupi ndi bokosi, iye ndi mwana wake wamkazi wamkulu. Pamaliro wailesi siikwezedwa, choncho m'galimotomo munali zii.

Atangosiya tala n'kulowa msewu wa kumanda, kunsi kwa bokosi kunamveka go! go! go!

Mayiyo anasiya kulira. Anaika khutu pabokosi. Go! go!

"Imani! Imani! Bambo ako akugogoda! Ali moyo!"

Chifatse anaponda buleki. Magalimoto onse a m'mbuyo anaima, anthu n'kukhamukira. Mawu anayenda kuchokera kutsogolo mpaka kumapeto kwa mzere: wadzuka, telala wadzuka. Azimayi anagwada m'matope momwemo, manja m'mwamba. Azibambo anavula zipewa. Abusa, amene anaika anthu m'manda moyo wawo wonse, anagwetsa buku lawo la mapemphero m'matope. Amene analipo amati sanaonepo gulu la anthu litagwidwa ndi mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi ngati tsiku limenelo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa chimene chikugogoda. Koma kuti ayankhule, anayenera kuvomera pamaso pa anthu onsewo kuti wanyamula maliro a eni pagalimoto yowonongeka. Chifatse anayang'ana pansi, ndipo anasankha kuteteza dzina lake m'malo moulula.

"Wasiya kugogoda, watopa!" anakuwa mayiyo. "Tsegulani msanga, mpweya umuthera!"

Anatsitsa bokosi n'kuliika pamsewu. Anamasula chivundikiro. Mayiyo anagwira nkhope ya mwamuna wake ndi manja onse awiri, akumuitana ndi dzina limene ankamuitanira kunyumba. Anamugwedeza phewa. Anamuitananso. Telala anali gone, wozizira monga anamuikira.

Mwana wamkazi uja anakhala pansi mwamphamvu pakhomo la kumbuyo kwa galimoto, m'mene munalibenso bokosi.

Go! go!

Anthu onse anatembenuka. Mwanayo anadzuka, n'kukhalanso. Go! go!

"A dalaivala," anafunsa motsitsa mawu, "phokoso ili mumalidziwa?"

"Ndi... ndi zitsulo za kunsi, mayi. Zinadyeka."

"Mumalidziwa pamene amayi ankati titsegule?"

Chifatse anaweramitsa mutu, ndipo anthu anazindikira kuti ankalidziwa. Palibe anamumenya, palibe anamutukwana. Bola akanamutukwana. Mayi wamasiye anatseka yekha chivundikiro, anadzuka m'matopemo, n'kumuyang'ana m'maso.

"Bambo, mwamuna wanga anamwalira kamodzi. Inu mwandiphera kachiwiri."

Abale ananyamula bokosi paphewa mpaka kumanda. Chifatse anatsala yekha pamsewu ndi galimoto yake, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe banja linamuitananso.

Phunziro: Chimene chimathandiza galimoto ya mpikisano si chimene chimathandiza galimoto yonyamula anthu pamsewu wa tsiku ndi tsiku. Mverani wodziwa ntchito amene amakukondani, osati mlendo wa pakamwa pokoma. Ndipo ukalakwa, ulula msanga, manyazi ako asanasanduke misozi ya wina. Tumizirani madalaivala, amakaniko ndi abale anu onse, winawake apulumukirapo.