Ola la Makumi Atatu

"Zimitsa makinawo, Renita, maola ako akwana," anatero bambo Pruitt, mwini kampani yochapa zovala ku Toledo, ku America.

Chibwerereni lamulo loti wogwira maola 30 pa sabata bwana azimugulira inshuwalansi ya chipatala, mkuluyu ankawerutsa amayi onse akangofika pa 29.

"Bwana, nsalu za kuhotela zidakali mulu. Ndionjezereniko ola limodzi lokha. Mwana wanga mphumu yamuvuta, mankhwala ndikugula ndekha."

"Pano si patchalitchi, mayi. Kusita nakonso n'kukhala ntchito? Ndimaliza ndekha."

Renita asanavale n'komwe jekete, kunamveka kukuwa. Makina ositira anali atawapana dzanja bwana, akatswiri aja, khungu lonse kusupuka. Wowathamangitsira kuchipatala pagalimoto anali Renita yemweyo.

Kumeneko bwana anasolola khadi lawo la inshuwalansi, anamwino n'kuwalandira ngati mkwati. Patatha maola atatu anatuluka dzanja lili m'bandeji.

"Mulungu akudalitse, mwanawe."

"Pano si patchalitchi, bwana," anatero Renita akuwaonetsa wotchi. "Sabata ino ndagwira 32. Mulemba ndi dzanja liti?"