Kadontho Kofiira Pakhoma

"Musaope, mayina onse tinachotsa," anatero Kingsford, mnyamata wa bungwe lofufuza za umoyo, akuwalitsa chithunzi pakhoma la holo ya tchalitchi ku Mbayani.

Panali timadontho ndi timizere. Kadontho ndi munthu, mizere ndi anthu amene amaimbirana naye foni. Tofiira, akuti, ndi amene kompyuta yadziganizira yokha kuti amamwa ma ARV.

Kofiira kamodzi kanali pakati penipeni. Mizere yake ina inapita ku gulu lolembedwa "madalaivala a minibasi", ina ku "amayi a Mvano".

Mbayani yonse, wogulitsa tchipisi pasiteji amenenso amatsogolera nyimbo ku Mvano ndi mmodzi. Kaya kompyutayo yalasa kaya yaphonya, makosi anatembenukira kwa a Marjorie.

"Achimwene," ndinatero ine, "mwawavula mayiwa zovala zonse, ndiye mukunyadira kuti mwawaphimba kumaso?"

"Koma bambo, dzinatu palibe."

"Dzina la chiyani? Kuno munthu timamudziwa ndi amene amacheza nawo."

Apongozi awo a Marjorie, omwe anakhala nawo benchi imodzi, ananyamula kachikwama kawo n'kusunthira kumapeto.