Tayala Logwedera

Mwezi wachinayi tsopano galimoto ili pajeke, mphuno m'mwamba, bambo akadali chogwada pambali pake.

Ndi galimoto yakalekale, ya zitsulo zenizeni. Tayala lake lakutsogolo limakhotera pa chitsulo chonga chala chachikulu, chomwe amakaniko amati kingipini. Mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino wa zaka makumi anayi wogwira ntchito kutali, anafika masana n'kuwapeza akuchipukuta ndi kansanza. Bambo anamulonjera mwaulemu, osadzutsa mutu, n'kumupempha kuti awagwirireko tochi.

Ntchitoyo inali m'zala. Zaka makumi atatu m'galaja si masewera. Anapaka girizi, analowetsa kingipini m'malo mwake, anatola m'mbale timawashala topyapyala totsekera mpata, anamanga nati yake. Kenako anabwezera tayala, kuligwira pamwamba ndi pansi, n'kulikankha. Gwedegwede. Anapumira m'mwamba, nayamba kumasulanso.

Amayi anali pakhomo la galaja, manja m'chiuno, pakamwa osapuma. Makaniko wanji wogonja ndi kachitsulo kamodzi? Malaya onse atha ndi girizi, ngati sopo amagwa ndi mvula. Chigalimotocho bola nkhuku ziziikiramo mazira, tidyeko kanthu. Bambo anangoyankha chapansipansi kuti mawa itheka, tayala logwedera sanyamulirapo munthu.

Namwinoyo zinamuwawa. Maso ake anali olemera ndi ulendo, mkono utachita dzanzi ndi tochi, koma chinamutopetsa kwambiri ndi kulalatako. Munthu wakalamba, watsala ndi chinthu chimodzi chomunyaditsa, ndiye azinyozedwa chonchi pakhomo pake pomwe? Anawaona bambo akuwerenga timawashala tija ndi chala, kubwereza kawiri, katatu, n'kupukusa mutu.

Anawatsatira amayi kukhitchini. Anawauza mosapsatira kuti Loweruka abweretsa makaniko wina, alipira yekha, ntchito ya ola limodzi imeneyo. Bambo ayendetseko galimoto yawo mphamvu zikadalipo, nawonso amayi apumitse pakamwa.

"Ubweretsa ndani?" anatero amayi. "Tseka chitsekocho."

Amayi anakwera pampando mobuula, natsitsa chitini chakale cha tiyi chomwe chinali pamwamba pa kabati. Anachikhuthulira patebulo. Timawashala tokhatokha, mulu, tina tikadali ndi girizi.

"Akangotembenuka ndimatolapo tiwiri," anatero, akudziponya pampando. "Ndakalamba nako kuba, mwanawe, ndipo ndatopa. Ndikasiya kulalata aziona ngati palibe akudikira galimotoyo, atuluka wapansi. Tayalalo likasiya kugwedera, atuluka nayo pageti, ndipo njira yobwerera saidziwanso."

Namwino anafunsa kuti kodi bambo akufuna kupita kuti.

"Akuti achedwa kukatenga mwana wawo kusukulu ya mkaka, azilira yekha pakhonde. Iwe wawagwirira tochiwe, andifunsa m'khutu kuti mlendoyu ndi wa kwa yani."