Anabisira Atsibweni Mlandu wa Mwana

Panali munthu wina ku Bembeke, mayi woimba kwaya kutchalitchi, dzina lake Anastazia. Mwamuna wake adalowera ku Joni kalekale, osamvekanso. Mwana wawo Gibson, wa zaka 14, yemwe adagwidwapo kale ndi kuba, adaba pampu yothirira m'dimba la a Gerevazio n'kukagulitsa ku Linthipe. Adamugwira.

Mlangizi woona za ana adati, "Mayi, uyu ndi mwana, sitifuna apite kukhoti. Lachinayi mubwere ndi akubanja, makamaka atsibweni ake. Tikambirane ndi mwini pampu, mwana abwerere kusukulu."

Koma manyazi, abale! Anastazia adaganiza za pakamwa pa amayi a kwaya. Adaganizanso za alongo ake, a Stanislaus, omwe ankangomunena kuti mwanayo akumulekerera. Adali atatopa nako kunenedwa. Achibale atafunsa, iye adati Gibson ali kutchuthi ku Lilongwe.

Lachinayi adapita yekha. A Gerevazio adabwera ndi akuluakulu a kwawo, okonzeka kulandira chipepeso. Adayang'ana pabenchi.

"Atsibweni ake ali kuti?"

"Atanganidwa, bambo. Ndipepesa ndekha."

"Mayi, mwana ali ndi mwini wake. Mwini mbumba akapanda kubwera, ndiye kuti banja lanu latiderera. Nanga akabwerera kumudzi amuyang'anira ndani? Inu nomwe wakukanikaninu?"

Mlangizi adachonderera kuti asinthe tsiku, atsibweni aitanidwe. Anastazia adauma khosi. "Kulibe wina amene abwere."

Basi, nkhani idapita kukhoti. Poti kanali kachiwiri kuba, ndipo panalibe wachibale womuimira, Gibson adatumizidwa kusukulu ya ana olakwa, kutali kummwera.

A Stanislaus adazimvera pamsika, kwa ogulitsa kabichi. Adapalasa njinga mpaka kwa mlongo wawo. Sadakalipe n'komwe. Adangokhala pakhonde n'kuvula chipewa.

"Iwe Anastazia, Gerevazio uja ndine ndidamuimira pa ukwati wake kutchalitchi. Ndikadangosuzumira pakhomo paja, akadanyamuka n'kundipatsa mpando. Zikadathera pompaja."

Pofika Lamulungu, kwaya yonse idali itamva kale, ndipo Gibson adali atapita.

Phunziro: Mutu umodzi susenza denga. Mwana akalakwa, itanani atsibweni ndi onse akubanja nkhani isanafike patali. Manyazi amatha, koma zaka za mwana sizibwerera. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa makolo anzanu.