Mita ya Bwana

"Lolemba tikutsegula basi," anatero bwana woyendera masukulu. "Bola ana azikhala motalikirana mita imodzi, mliriwu suwagwira."

Mayi wophunzitsa sitandade wani, yemwe ana ake ankapanikizana m'kalasi ngati machesi, sanatsutse. Anangothyola kamtengo kotalika mita, n'kuyamba kuyeza uku akukoka madesiki. Mzere unatuluka pakhomo, unadutsa pabwalo la mpira, mpaka desiki lomaliza linakatsamira geti.

Bwana atati azinyamuka, galimoto inasowa potulukira.

"Mayi, tachotsani zimenezi! Mwanditsekera njira!"

Mayiyo anakhala padesikipo n'kupinda manja.

"Pepani bwana, muno ndi m'kalasi tsopano. Sukulu mwatsegula ndinu, ndipo chatseka geti ndi mita yanu yomwe ija."